Momwe mungaikire mndandanda wa mabuku atsopano a laibulale pa intaneti ndi HTML

Ife ophunzira za laibulale timaloweza nambala za Dewey zosanjira mabuku pashelefu ndi ma field a MARC, kalembedwe ka ma record a katalogi, mpaka kumazilota: 245 ndi mutu wa buku, 100 ndi wolemba, 020 ndi ISBN. Koma tsiku limene ndinauzidwa kuti mabuku atsopano aziwoneka pa foni za owerenga, zonsezo sizinanditsegulire tsamba ngakhale limodzi. Ndinaphunzira movutikira, ndiye ndati ndilembe njira imene ndinatsata. Ngati mwazolowera katalogi, HTML, chilankhulo cholembera masamba a pa intaneti, siikuvutani, chifukwa nayonso ntchito yake ndi kutchula kuti ichi ndi mutu, ichi ndi ndime, uwu ndi mzere wa tebulo.

Choyamba, pezani pulogalamu yolembera khodi. Visual Studio Code ndi yaulere. Notepad++ nayonso ndi yaulere ndipo siilemetsa kompyuta yokalamba. Mu Word musalembemo, imaika zinthu zake zobisika zimene zimasokoneza tsamba. Wina akabwera ndi flash n'kumakutsatsani pulogalamu yopangira mawebusayiti, mungomuthokoza n'kumusiya. Zonse zofunika pano zimatsitsidwa mwaulere kwa eni ake, ndipo za pa flash zija kawirikawiri zimabwera ndi mavairasi.

Chachiwiri, pangani foda, ndipo m'kati mwake muikemo fayilo ya index.html, zilembo zazing'ono zokhazokha, popanda mpata. Mzere woyamba ukhale <!DOCTYPE html>, wotsatira <html lang="ny">, poti ny ndi chizindikiro cha Chichewa, kenako <head> ndi <body>. Mu body lembani mutu ndi <h1>, pansi pake tebulo ndi <table>. Mzere uliwonse ndi <tr>, kabokosi kalikonse ndi <td>. Ine ndinaika magawo anayi: mutu, wolemba, chaka, ndi nambala ya pashelefu. Sungani fayilo, idineni kawiri, itseguka mu browser.

Mabuku anali oposa 200, ndipo kuwalemba pamanja sindikanakwanitsa. Njira yachidule ndi iyi: tulutsani mndandanda mu katalogi yanu ngati CSV (fayilo ya mizere imene magawo ake amalekanitsidwa ndi makoma), kaya mumagwiritsa ntchito Koha kapena ina, muutsegule mu Excel kapena LibreOffice Calc, ndipo m'gawo lopanda kanthu mulembe fomula ngati iyi: ="<tr><td>"&A2&"</td><td>"&B2&"</td></tr>". Iyi ndi ya magawo awiri okha, enawo muwaonjezere chimodzimodzi. Ikokereni pansi mpaka mzere womaliza, koperani, matani mu tebulo lanu. Mphindi ziwiri basi.

Apa ndi pamene ndinagwera m'mbuna, ndiye werengani mofatsa.

Ndinatsegula CSV ija poidina kawiri, sindinayang'ane n'komwe, ndinapanga fomula, ndinasunga pamwamba pa fayilo yoyamba, ndinamata. Tsamba litatseguka, mutu wina umene unali ndi mawu akuti “maŵa” unkawoneka “maÅµa”. Dzina lililonse lokhala ndi é linasanduka Ã©. Nambala za ISBN zonse zinkawerengeka 9.78E+12, ngati kuti mabuku 200 ndi buku limodzi. Chimene chinandipweteka kwambiri ndi nambala za Dewey: 020, nambala ya maphunziro athu omwewa, inakhala 20, ndipo 005.133 inakhala 5.133. Wowerenga akanapita kukasaka pashelefu yolakwika, kapena kubwerera chimanjamanja.

Ndinataya madzulo onse ndikukonza chilembo chimodzichimodzi ndi Find and Replace. Musachite zimenezo. Mumakonza zimene maso aona, zina zimatsala.

Chimachitika n'chakuti kompyuta siisunga zilembo, imasunga manambala. Njira yosinthira zilembo kukhala manambala imatchedwa encoding, ndipo mu encoding ya UTF-8 chilembo cha ŵ chimatenga ma byte awiri. Pulogalamu ikaganiza kuti fayilo ili mu kalembedwe kakale ka Windows-1252, imawerenga byte iliyonse payokha, ndiye m'malo mwa chilembo chimodzi mumapeza ziwiri, Å ndi µ. Za manambala nazo n'chimodzimodzi: spreadsheet imaona 020 ngati nambala yowerengera, imachotsa ziro wakutsogolo, ndipo nambala yaitali ngati ISBN ya manambala 13 imaifupikitsa. Kulakwa kunali kwanga, chifukwa sindinaiuze kuti izi si zowerengera.

Ndiye CSV musaitsegule poidina. Mu Excel pitani ku Data, musankhe From Text/CSV, ndipo pa File Origin musankhe 65001, imene ndi UTF-8. Gawo la ISBN ndi la Dewey mulisinthe likhale Text musanalowetse. LibreOffice imakufunsani yokha zonsezi potsegula, n'chifukwa chake masiku ano ndimaikonda pa ntchito imeneyi. Ndipo fayilo yochokera mu katalogi muisunge padera osaikhudza, muzigwira ntchito pa kope lake. Ine ndinaisunga pamwamba, zinanditengera kukapemphanso kuti anditulutsire ina, nkhope ili pansi.

Vuto lomweli limathanso kubadwira pa tsamba penipeni. Mu head, pamwamba kwambiri, muike <meta charset="UTF-8">. Likhale loyambirira ndithu, chifukwa browser imaliyang'ana m'ma byte 1024 oyamba a fayilo. Kuti mudziwe komwe kwawonongeka, tsegulani index.html mu Visual Studio Code. Pansi kudzanja lamanja pamalembedwa mtundu wa encoding. Ngati zilembo zili bwino m'menemo koma mu browser zasokonekera, chasowa ndi kamzere ka meta kaja. Ngati zawonongeka kale m'menemo, vuto lachokera ku CSV, bwererani kumeneko. Mukaona chizindikiro cha funso pamalo pa chilembo, mwina chilembocho chatayika, ndipo ngati chatayikadi, palibe chokonza koma kutulutsanso mndandanda.

Amene muli ndi ma record akale kwambiri, ena ali mu MARC-8, osati Unicode. Yang'anani pa malo a 09 mu leader, kamzere koyambirira ka record: pakakhala a, ndi Unicode, pakakhala popanda kanthu, ndi MARC-8. MarcEdit imasintha izi mwaulere. Chinanso chaching'ono, mutu wa buku ukakhala ndi &, mulembe &amp; kuti tsamba lisasokonezeke.

Zikatheka izi, zotsalazo n'zopepuka. Onjezani <meta name="viewport" content="width=device-width, initial-scale=1"> kuti pa foni zilembo zisaoneke ngati nyerere. CSS, khodi yokongoletsera tsamba, yochepa chabe ikukwanira: mpata m'mabokosi, kamzere pansi pa mzere uliwonse, zilembo zowerengeka. Zina mukazipeza pa MDN Web Docs, musalipire kosi ya zimenezi.

Poika pa intaneti, ine ndinagwiritsa ntchito GitHub Pages, yomwe ndi yaulere pa tsamba ngati ili. Tsegulani akaunti, pangani repository (malo osungirako mafayilo anu), ikanimo index.html, pitani ku Settings kenako Pages, musankhe branch, dikirani pang'ono. Chenjerani ndi mayina a mafayilo, chifukwa kumeneko Chikuto.JPG ndi chikuto.jpg ndi mafayilo awiri osiyana, ngakhale pa Windows yanu chithunzi chimatseguka bwinobwino. Mukafuna domain yanuyanu, kutanthauza dzina la adiresi ya tsamba, ilembedwe m'dzina la laibulale ndi imelo ya laibulale. Alipo ogulitsa hosting ena amene amailemba m'dzina lawo, chaka chikatha mtengo n'kukwera, inu mulibe kothawira.

Pomaliza, ikani adiresi ya tsamba lanu pa validator.w3.org kuti ikuuzeni ma tag amene mwaiwala kutseka, kenako mulitsegule pa foni ya munthu wina n'kufufuza mutu umodzi wokhala ndi ŵ ndi nambala imodzi yoyamba ndi ziro.