VM ikamagwa mobwerezabwereza, ma log asakudzazireni disiki

Kuno ku Salima magetsi akathima UPS (batire yosungira magetsi) itatha kale mphamvu, chimene chimavulala kawirikawiri ndi disiki ya VM (kompyuta yoyerekezera yomwe imayenda mkati mwa seva). Magetsi akabwera VM ija imayaka, n'kugwa, libvirt (pulogalamu yoyang'anira ma VM) n'kuiyatsanso, n'kugwanso, usiku wonse. Kugwa kulikonse kumasiya mauthenga ake mu ma log, mafayilo omwe amakhala mu /var. Pofika m'mawa /var yadzaza, ndipo ma VM ena omwe analibe vuto aima nawo, popeza QEMU, pulogalamu yomwe imayendetsa ma VM, imaimitsa VM ikasowa malo olembapo. Zomwe ndikulemba pano ndi za KVM (gawo la Linux loyendetsera ma VM) ndi libvirt, zomwe ndimayendetsa pa seva ya malo ena ogona alendo ku Senga Bay.

Musanachepetse kanthu, koperani kaye fayilo ya /var/log/libvirt/qemu/dzina-la-vm.log pamodzi ndi zinzake zothera .0, .1 ndi .2, muziike pena. Chifukwa chenicheni chili m'kugwa koyamba, zotsatirazo n'zobwereza chabe. Pulogalamu ya virtlogd imadula fayilo ikafika 2 MB ndipo imasunga zakale 3 zokha, choncho mukachedwa uthenga woyambawo ufufutika.

Kenako letsani kuzungulirako. Lembani virsh destroy dzina-la-vm. Musaope dzinalo, silifufuta kanthu, limangothimitsa VM mokakamiza. Tsegulani virsh edit dzina-la-vm, pezani on_crash. Ngati palembedwa restart, sinthani pakhale preserve kuti VM ikagwa ingokhala momwemo muione bwino. Ngati palembedwa coredump-restart ndiye mwamupeza wakuba malo: kugwa kulikonse kumataya fayilo yaikulu mu /var/lib/libvirt/qemu/dump. Ine coredump-restart sindiilola n'komwe pa seva ya disiki yaing'ono. Dziwaninso kuti on_crash imadalira kuti VM ikhale ndi kachipangizo ka panic mu XML yake (fayilo yomwe virsh edit imatsegula), apo ayi libvirt sidziwa kuti mkatimo mwagwa kanthu.

Tsopano malire a mauthenga. Mwachikhalire journald, pulogalamu yosunga mauthenga a makina, imalola mauthenga 10000 pa masekondi 30 kuchokera ku service imodzi, ndipo imawonjezeranso chiwerengerocho disiki ikakhala ndi malo ambiri. Pa seva yathu izi n'zochuluka kwambiri. Musatsitse malire a makina onse mu journald.conf, mungatseke pakamwa ndi ma service osalakwa omwe. Lembani systemctl edit libvirtd (pa makina atsopano ndi virtqemud), ndipo pansi pa [Service] ikani:

LogRateLimitIntervalSec=30s
LogRateLimitBurst=500

500 ndi chiwerengero changa, inu mutha kusankha china. Yambitsaninso service imeneyi. Ma VM omwe akuyenda sathima. Malire akapyoledwa mudzaona mzere woyamba ndi Suppressed mu journalctl, wonena kuchuluka kwa mauthenga omwe atayidwa. Mu /etc/systemd/journald.conf ikanimo SystemMaxUse=500M basi, chifukwa popanda izi journal imatha kutenga 10 peresenti ya disiki mpaka 4 GB.

Amene muli ndi rsyslog, pulogalamu ina yosunga mauthenga, samalani. Fayilo ya /var/log/syslog simvera SystemMaxUse, imakula mpaka logrotate, yomwe imadula ma log, ifike. Onjezani maxsize 100M mu /etc/logrotate.d/rsyslog, komabe logrotate imayenda kamodzi patsiku, ndiye usiku umodzi woipa ungathe kuipitirira.

Ma VM a Windows ali ndi phokoso lawolawo, mizere ya ignored rdmsr mu dmesg. Ngati munatsegula kale ignore_msrs, ikani options kvm ignore_msrs=1 report_ignored_msrs=0 mu /etc/modprobe.d/kvm.conf, muyatsenso seva nthawi yomwe alendo sakulipira pa kauntala.

Anzanga oyendetsa ma VM ndi Xen m'malo mwa KVM, kwa inu ndi guest_loglvl pa mzere woyatsira hypervisor. Mwachikhalire imakhala none/warning, kutanthauza kuti machenjezo ochokera ku ma VM amatuluka mwa malire. Mukaipeza ili pa all, pali amene ankafufuza vuto n'kuiwala kubweza. Ibwezeni, muonenso on_crash mu fayilo ya VM, kenako mupite mukakonze disiki ija ndi pulogalamu ya fsck VM ili chithimire.