Musanagule sola, tengani kaye pepala ndi cholembera

Batire langa loyamba linafa lisanakwanitse chaka. Wondigulitsa anati limayatsa chilichonse, ine ndinakhulupirira, ndipo usiku uliwonse tinkaonera kanema mpaka mababu kuyamba kufiira. Panalibe wondiuza kuti batire ukamalikama mpaka kuuma ndiye kuti ukulipha pang'onopang'ono. Zimandiwawabe, chifukwa ndalama ija tinaisunga miyezi yambiri.

Mu Africa muno, kum'mwera kwa chipululu cha Sahara, anthu pafupifupi 600 miliyoni alibe magetsi. Ntchito zikuluzikulu zikuchitika ndithu. Ethiopia inatsegulira damu lake pa mtsinje wa Blue Nile mu 2025, lotha kupanga mamegawati oposa 5,000, ndipo World Bank ndi African Development Bank akufuna kulumikiza anthu 300 miliyoni pofika 2030. Ndimazifunira zabwino zonsezi. Koma mapolo a magetsi amachedwa kufika kumudzi, ndipo ngakhale kumene anafika mtima sukhala m'malo. Mu 2024 chilala chitaphwetsa madzi ku damu la magetsi la Kariba, mabanja ambiri ku Zambia ankaona magetsi maola ochepa chabe pa tsiku. Ndiye ambirife tikuthamangira sola, ndipo ambiri tikugula mwachimbulimbuli ngati mmene ndinachitira ine.

Yambani ndi kulemba chilichonse chimene mukufuna kuyatsa. Pa chipangizo chilichonse pamalembedwa mawati ake, nambala yotsatana ndi chilembo cha W. Chulukitsani nambalayo ndi maola amene chimayaka pa tsiku. Kwathu zinatuluka motere: mababu anayi a LED a mawati 5, maola asanu, zikukwana 100. Kanema wa mawati 40, maola anayi, 160. Kutchaja mafoni atatu, pafupifupi 40. Zonse pamodzi 300. Imeneyi ndiyo mphamvu imene nyumba imadya pa tsiku, ndipo china chilichonse chimene mugule chichokere pa nambala imeneyi. Musadzinamize polemba maola. Ngati ana amaonera kanema maola asanu ndi limodzi Loweruka, lembani asanu ndi limodzi.

Simbi, ketulo ndi mbaula ya magetsi zichotseni pa pepalapo. Chimodzi chokha chimakoka mawati 1,000 kapena kuposa, ndipo sola yaing'ono siingakwanitse.

Tsopano panelo. Dzuwa limawala tsiku lonse, koma lamphamvu lenileni m'madera ambiri a Africa limakwana maola asanu kapena kuposerapo pang'ono. Ine ndimawerengera anayi poganizira masiku a mitambo. Gawani 300 ndi 4, mupeza 75. Kenako onjezerani pafupifupi theka, chifukwa mphamvu ina imatayika m'mawaya, m'batire ndiponso panelo likatentha. Mufika cha pa 110, choncho panelo la mawati 120 likukwanirani.

Pa batire ndi pamene ndikufuna tichedwepo, popeza ndi pamene ndalama zambiri zimapita ndipo ndi pamene anthu amalirira. Batire la asidi siliyenera kutsika kupitirira theka. Ngati mukufuna mphamvu ya masiku awiri, kuti tsiku la mvula lisakugonetseni mumdima, mukufunika 600. Popeza mumagwiritsa ntchito theka lokha, batire likhale la 1,200. Gawani ndi mavoti 12 a batirelo, mupeza 100, ndiye mufunse batire lolembedwa 100Ah. Musalole kupatsidwa batire la galimoto. Lija analipangira kuliza injini kwa masekondi ochepa kenako n'kudzazidwanso nthawi yomweyo, ndipo mukaliyatsira mababu usiku wonse silichedwa kutha. Funsani lolembedwa kuti deep cycle. Mabatire a lifiyamu, makamaka olembedwa LiFePO4, ndi okwera mtengo pogula, koma amalola kutsika kwambiri ndipo amakhala zaka zambiri. Ndikanakhala kuti ndikuyambanso lero, ndikanadikira miyezi ingapo n'kugula limeneli.

Pakati pa panelo ndi batire payenera kukhala kontirola. Kabokosi kameneka kamaletsa batire kudzaza mopitirira, ndipo kamadula magetsi batire likatsika kwambiri. Ena kakawadulira amakalambalala n'kulumikiza mawaya molunjika ku batire. Chonde musatero. Kakadula ndiye kuti kakupulumutsirani batire. Ka mtundu wa PWM n'kotchipa ndipo kamakwanira nyumba yaing'ono, pamene ka MPPT kamakolola mphamvu yochulukirapo pa mapanelo akuluakulu. Polumikiza, yambani ndi batire, kenako panelo, pomaliza mababu. Pomasula yambani ndi panelo. Ikani fyuzi pa waya wofiira pafupi ndi batire penipeni, ndipo gulani mawaya onenepa, aafupi. Mawaya oonda amatentha, amadya mphamvu, ndipo angathe kuyatsa nyumba. Batire la asidi likhale podutsa mphepo, patali ndi moto komanso ndi ana.

Inveta, kabokosi kosandutsa magetsi a batire kukhala ngati a m'mapolo, igulidwe pokhapokha ngati muli ndi chipangizo chofuna magetsi a m'mapolo. Nayonso imadya mphamvu ngakhale palibe chimene chikuyaka, ndiye muziizimitsa pogona. Mababu ndi makanema oyendera mavoti 12 alipo, ndipo safuna inveta n'komwe.

Pa denga, ngati muli kum'mwera kwa equator, mzere wogawa dziko lapansi pakati, monga ku Lusaka kapena ku Maputo, panelo liyang'ane kumpoto. Ngati muli kumpoto kwake, monga ku Accra kapena ku Addis Ababa, liyang'ane kum'mwera. Lipendekeke pang'ono, madigiri osachepera 10, kuti madzi a mvula azitsetsereka ndi fumbi. Samalani ndi mthunzi. Nthambi imodzi yokha yophimba kangodya ka panelo imatha kugwetsa mphamvu ya panelo lonse, choncho imani pabwalo m'mawa, masana ndi madzulo muone kumene mthunzi ukudutsa musanakhome.

M'chilimwe fumbi limachuluka. Ine ndimapukuta panelo langa kamodzi pa sabata ndi nsalu yofewa ndi madzi oyera, m'mamawa galasi lisanatenthe. Ngati batire lanu ndi la zitsekerero pamwamba, muziliyang'ana mwezi uliwonse, ndipo madzi akatsika thirani madzi a batire okha, osati a pachitsime kapena a pampopi.