Kakweredwe ka mtengo ndi zingwe ziwiri posadza nthambi

Ku Britain, lamulo la ntchito za m'mwamba lotchedwa Work at Height Regulations la mu 2005 limafuna kuti munthu wogwira ntchito atalendewera pa chingwe akhale ndi zingwe ziwiri zomangidwa pa malo osiyana, ndipo kuchokera mu 2020, pamene bungwe la akatswiri osamalira mitengo la Arboricultural Association linatulutsa malangizo atsopano a kakweredwe ka mitengo, njira imeneyi ndiyo imayembekezeka kwa osadza mitengo tsiku ndi tsiku. Komatu kungokhala ndi zingwe ziwiri sikupulumutsa munthu ngati ngozi imodzi ingathe kuziwononga zonse nthawi imodzi.

Ntchito imayambira pansi. Zungulirani mtengo mukuyang'ana ming'alu, bowa womera pa thunthu ndi nthambi zouma, makamaka ngati ndi mtengo wa ku Ulaya wotchedwa ash, umene nthambi zake zimathyoka mosachenjeza ukagwidwa ndi matenda a ash dieback. Kenaka sankhani mphanda ziwiri zolimba zimene sizidalirana, chifukwa mukakoleka zingwe zonse pa nthambi imodzi ndiye kuti moyo wanu wadalira nthambi imodzi yomweyo. Ponyani kachingwe kopyapyala kokhala ndi kathumba kolemera kuti kadutse pa mphanda, mukokere nako chingwe chachikulu m'mwamba, ndipo muchite chimodzimodzi pa mphanda yachiwiri. Musanakwere, lendewerani ndi thupi lonse pa chingwe chilichonse pachokha mukadali pafupi ndi nthaka.

Zingwe zikhale za muyezo wa ku Ulaya wa EN 1891, zosatamuka kwambiri, ndipo ndi nzeru kuti zisiyane maonekedwe, popeza mukatopa muli pakati pa masamba n'kosavuta kumasula chingwe cholakwika. Chilichonse chikhale ndi karabiner (ngowe yachitsulo yolumikizira chingwe ku lamba) yakeyake yodzitsekera yokha, yofuna kuigwedeza katatu kuti itseguke, komanso chogwirira chake, kaya ndi mfundo ya Prusik (kachingwe kozengeza pa chingwe chachikulu) kapena chipangizo ngati Petzl ZigZag, chimene chiyenera kugwira chokha mukachotsapo manja. Ngati lamba wanu wa m'chiuno ali ndi malo awiri okolekapo, chingwe chilichonse chikhale pakepake.

Povuta kwenikweni ndi poyenda mumtengo. Ambiri amasamala chingwe chimene chawanyamula n'kusiya chinacho chikulendewera chopanda ntchito, koma chingwe cholekerera choterocho chimalola munthu kugwa mtunda wautali chisanamugwire, ndipo mphamvu ya kugwako ikhoza kuthyola mphanda kapena kuvulaza msana. Choncho kungani zingwe zonse pamene mukukwera, kulekerera kwake kusapitirire masentimita 50, ndipo musakwere kupitirira masentimita 25 pamwamba pa mphanda imene mwakolekapo. Mukafuna kusamutsa chingwe chimodzi, yambani mwadzimangirira ku thunthu ndi chingwe chachifupi cha m'chiuno, muchiyese kuti chagwira, kenaka ndi pamene mumasule chimene mukusamutsacho. Zingwe zimapotana ndithu, ndipo zimenezi zimachedwetsa ntchito masiku oyamba, koma zimachepa mukazolowera kubwerera njira imene munadzera m'malo modutsa pansi pa chingwe chinacho.

Musanalize macheka a injini, onetsetsani kuti zingwe zachokera mbali zosiyana ndiponso kuti palibe pamene zakhudzana pafupi ndi podula, kuti macheka akaterereka asadule zonse pakamodzi. Nthambi imene mukudula isakhale ndi chingwe chilichonse cha moyo wanu, ndipo chingwe chotsitsira nthambi chikhale china, chokolekedwa kwina.

Pansi pakhale munthu wachiwiri wophunzitsidwa kupulumutsa mnzake mumtengo, ali ndi zida zake zokwerera pafupi, chifukwa wovulala sayenera kulendewera nthawi yaitali pa lamba. Zida zonse muziziona nokha musanakwere, kuwonjezera pa kuziunikitsa kwa katswiri miyezi 6 iliyonse monga malamulo a ku Britain okhudza zida zonyamulira, otchedwa LOLER, a mu 1998 amanenera.