Kusindikiza chithunzi ndi dzuwa: kapangidwe ka cyanotype ndi zimene zimapha buluu wake

Pepala la buluu wakuya, pakati pake pali tsamba loyera, mitsempha yake ikuonekera pang'ono: imeneyo ndiyo cyanotype. Sipafunika kamera, magetsi kapena chipinda chamdima. Amene anatulukira njirayi ndi John Herschel, ku England mu 1842, ndipo chaka chotsatira Anna Atkins anayamba kusindikizira zithunzi za ndere za m'nyanja, ntchito imene ambiri amaiwerengera ngati buku loyamba lokhala ndi zithunzi zojambulidwa ndi kuwala. Kenako kwa zaka zambiri inali njira yochulukitsira mapulani a nyumba ndi makina. Masiku ano aluso aibwereranso mwamphamvu. Meghann Riepenhoff wa ku America amagoneka mapepala opaka mankhwala m'mphepete mwa nyanja kuti mafunde ndi mchenga zijambule zokha. Christian Marclay anasolola matepi a makaseti n'kuwayala pa mapepala aakulu ku Graphicstudio, malo osindikizira zaluso mu mzinda wa Tampa ku America. Mu 2016 Worcester Art Museum, nyumba yoonetsera zaluso ku America, inachita chionetsero cha zithunzi za mtunduwu zokhazokha.

Oyamba kumene amadera nkhawa za dzuwa, kuti mphindi zikhale zingati. Dzuwa ndiye losavuta. Zithunzi zambiri zimafera pa pepala ndi m'madzi otsukira, ndipo wozipha ndi mmodzi: alikali, gulu lija la soda, chidulo, phulusa, sopo, laimu ndi choko. Buluu ameneyu, wotchedwa Prussian blue, akakumana ndi alikali amasanduka wachikasu n'kuzimirira. Mukagwira mfundo imeneyi, zolakwika zambiri mudzazizindikira nokha.

Mankhwala ndi kusungunula kwake

Pamafunika mankhwala awiri, ferric ammonium citrate ndi potassium ferricyanide. Amapezeka kwa ogulitsa mankhwala a m'malabotale ndi zipangizo za aluso, ndipo pa intaneti amagulitsidwa ngati paketi ya mabotolo awiri ongothira madzi. Woyambayo alipo wobiriwira ndi wofiirira. Gulani wobiriwira, chifukwa amamva kuwala msanga.

M'botolo loyamba sungunulani magalamu 25 a ferric ammonium citrate m'madzi pang'ono, kenako onjezani madzi mpaka afike mamililita 100. M'botolo lachiwiri chitani chimodzimodzi ndi magalamu 10 a potassium ferricyanide. Mabotolo akhale a bulawuni, olembedwa A ndi B, ndipo agone usiku umodzi kuti zonse zisungunuke bwino. Madzi abwino ndi osefedwa aja ogulitsa kuti muthire m'batire la galimoto, koma werengani cholembedwa pa botolo kawiri. Mashelefu omwewo amakhalanso ndi asidi wa batire, ndipo potassium ferricyanide akakumana ndi asidi wamphamvu amatulutsa mpweya wakupha. Kupatula ngozi imeneyi mankhwalawa si oopsa kwambiri, komabe valani magolovesi, musapume ufa wake, ndipo sapuni, beseni ndi kapu za ntchitoyi zisabwererenso kukhitchini.

Ali padera, mabotolowa amakhala miyezi. Botolo A limakonda kumera chuku pamwamba pakatentha. Musataye: sefani pa kapepala kosefera khofi kapena kansalu koyera, ntchito amagwirabe. Osakaniza ndiwo sachedwa kufa, choncho sakanizani okwanira tsikulo basi, muyezo wofanana. Mamililita 2 a A ndi 2 a B, oyezedwa ndi sirinji, amakwana pepala limodzi la A4, kutanthauza kuti mabotolo awiriwa amapaka mapepala ngati 50.

Pepala

Apa ndiye pofunika kudekha. Pepalalo lidzanyowa kwa mphindi zingapo, ndiye liyenera kukhala lolimba, monga la utoto wamadzi lolemera magalamu 200 mpaka 300 pa sikweya mita, makamaka lopangidwa ndi thonje. La fotokope limang'ambika m'beseni. Koma kulimba kokha sikukwanira. Mapepala ambiri odula, aja olembedwa kuti alibe asidi, anawathira choko dala kuti asafiire akamakalamba. Choko chimene chimasunga zojambula za pensulo n'chomwecho chimadya ayironi wa m'mankhwala a cyanotype, amene amapanga buluu. Chizindikiro chake n'chakuti pepala lopakidwa kumene, m'malo mokhala lachikasu chobiriwira, limayamba kuda kapena kuchita buluu lili mumdima, ndipo chithunzi chimatuluka chotuwa, chamawangamawanga, malo oyera atadetsedwa.

Musagule mpukutu wonse musanayese. Pakani kachidutswa, kaumitseni, kasiyeni mumdima mpaka mawa. Kakakhalabe kachikasu, pepalalo n'labwino. Ngati lakanika ndipo mulibe lina, liviikeni kwa mphindi 10 mpaka 15 m'madzi a viniga woyera, gawo limodzi la viniga pa magawo anayi a madzi, litsukuluzeni, liume kotheratu, kenako mupake.

Pakirani m'chipinda chotseka makatani, babu wofooka ali patali. Magetsi a chubu aatali aja amatulutsa pang'ono UV, kuwala kosaoneka ndi maso kumene kumapsetsa mankhwalawa, azimitseni. Burashi ikhale yofewa, yotakata, yopanda chitsulo chomangira ubweya, chifukwa chitsulo chikachita dzimbiri chimasiya timadontho pa pepala. Kasiponji kamagwiranso bwino. Thirani mankhwala pakati, yendetsani burashi chopingasa kenako chotsika, mopepuka, mpaka pasakhale ponyezimira. Ambiri amaganiza kuti kupaka mokhuthala kumabweretsa buluu wakuda. Ayi, mankhwala ochuluka amauma pamwamba ngati timchere, amatchinga kuwala, ndipo potsuka amachoka ndi chithunzi chomwe. Mukafuna buluu wozama, pakani kawiri mopyapyala, kachiwiri koyamba katauma.

Umitsani mumdima, m'kabati kapena m'katoni, kwa mphindi 30 mpaka ola. M'dzinja chinyezi chimatalikitsa nthawiyi. Gwirani kuseri kwa pepala: likamazizira, silinaume. Ligwiritseni ntchito tsiku lomwelo kapena mawa lake.

Choika pamwamba

Chosavuta kuyambira ndi zinthu zenizeni: masamba a nsungwi, a chinangwa, udzu wamaluwa, nthenga, leisi, neti yakale ya udzudzu. Tsamba lopyapyala limalola kuwala pang'ono kudutsa, n'chifukwa chake mitsempha imaoneka, pamene lochindikala ngati la mango limasiya mthunzi woyera wopanda kanthu mkati. Masamba ongothyola kumene amatuluka thukuta pansi pa galasi, dontho lililonse n'kusiya banga. Apanikizeni m'nyuzipepala kwa masiku awiri kapena atatu kaye.

Chithunzi cha pa foni chimafuna negativi. Chisandutseni chakuda ndi choyera, chitembenuzeni kuti zoyera zide ndi zakuda ziyere, kenako chitembenuzeninso ngati pa kalilole, chifukwa mbali ya inki ndi imene imagona pa pepala. Sindikizani pa pulasitiki yoonekera kukula kwake kwa chithunzi chimene mukufuna, popeza pano palibe kukulitsa. Pulasitiki ya pulinta ya inki ndi ya pulinta ya leza n'zosiyana, ndipo yolakwika imasungunuka m'makina otentha. Ngati zakuda za negativi zikuonekera mukaiyang'anitsa kuwindo, sindikizani ziwiri n'kuzisanjikiza ndendende. Dziwaninso kuti cyanotype simakhala ndi mitundu yambiri ya pakati pa kuda ndi kuyera, kotero chithunzi cha nkhope chojambulidwa pamthunzi chimatuluka bwino kuposa cha padzuwa lamasana.

Sanjani chonchi: thabwa pansi, pepala, tsamba kapena negativi, galasi wamba la mamilimita 3 kapena 4 pamwamba, zopanira mbali zonse zinayi. Pamene galasi silinakanikize, chithunzi chimachita mbuu. Magalasi a mafelemu otchinga UV sagwira ntchito pano.

Padzuwa

Nthawi yabwino ndi kuyambira 10 koloko m'mawa mpaka 2 koloko masana, galasi litayang'ana dzuwa mwachindunji. Dzuwa la Okutobala likhoza kumaliza m'mphindi zosakwana 10, pamene tsiku la mitambo la mu Juni lingafune theka la ola kapena kuposa. Choncho musadalire wotchi ya munthu wina. Dulani kachidutswa ka pepala lomwelo, kaphimbeni ndi katoni n'kusiya chala chimodzi poyera, ndipo mphindi 2 zilizonse sunthani katoniyo chala china. Mukatsuka, muona mzere umene buluu wasiya kuwonjezeka kuda. Nthawi yake ndi imeneyo.

Maso amathandizanso. Pepala limachoka pa chikasu, n'kuchita buluu wobiriwira, kenako limatuwa ngati phulusa lonyezimira. Oyamba amachotsa pa buluu poganiza kuti zatheka, chonsecho n'kusanapse: potsuka chithunzi chonse chimatsika ndi madzi. Dikirani kutuwako. Pepala lopsa bwino limaoneka ngati lapsereza, chifukwa potsuka limataya gawo la mtundu wake.

Kutsuka

Kumene kuwala kwafika, ayironi wasintha n'kupanga utoto wosasungunuka. Kumene sikunafike, mankhwala akadali momwe analili, ndipo ntchito ya madzi ndi kuwachotsa. Tsukirani pamthunzi, pepala litayang'ana pansi m'beseni, mukuligwedeza pang'onopang'ono ndi kusintha madzi katatu kapena kanayi, mphindi 5 zonse pamodzi. Musalunjikitse mpopi pa chithunzi. Lekani pamene chikasu chatha m'malo oyera. Poonera bwino ndi kuliyang'anitsa kuwala. Chikasu chotsalira chimapitiriza kupsa, ndipo pakatha masiku malo oyera amachita buluu. Kulisiya m'madzi kwa theka la ola nakonso kumafooketsa chithunzi.

Madzi a pamjigo ndi a m'zitsime zina, aja sopo sachita thovu msanga ndipo amasiya zoyera m'ketulo, ali ndi laimu. Amenewa amatsuka buluu mukuona. Mankhwala ake ndi viniga woyera, sapuni zazikulu ziwiri pa lita imodzi, m'madzi oyamba. Madzi a mvula otungidwa mwaukhondo ndi abwino kwambiri, bola asakhale osungidwa m'thanki yasimenti yatsopano. Beseni lochapira zovala lipeweni, chifukwa sopo waufa wotsalira m'makona ndi wokwanira kuwononga pepala lonse.

Chithunzi chikangotuluka m'madzi chimaoneka chofooka, ndipo chimada chokha ndi mpweya m'maola 24. Wofuna kuona msanga athire kachivindikiro kamodzi ka hydrogen peroxide wa 3 peresenti, wa ku famase, m'lita ya madzi, aviike masekondi ochepa n'kutsukuluza. Sizikuwonjezera buluu, zikungofulumizitsa amene akanabwera mawa. Yanikani pamthunzi ndi mapegi apulasitiki.

Kusintha mtundu, ndi nsalu

Mdani uja, alikali, amagwiranso ntchito akamangidwa chingwe. Chithunzi chimene chagona tsiku lathunthu, chopsa mopitirirako pang'ono, chinyowetseni n'kuchiviika m'lita ya madzi okhala ndi sapuni yaing'ono imodzi ya soda wochapira. Buluu ayamba kufiirira m'masekondi ochepa. Chivuuleni chisanazimiririke, chitsukeni bwino, kenako chiikeni mu tiyi wakuda wowirira, timatumba 8 mpaka 10 pa lita, wozizira, wopanda mkaka kapena shuga. Pakatha theka la ola mpaka maola awiri chimasanduka chabulawuni kapena chakuda mofiirira. Tiyi amadetsanso pepala lenilenilo, ndiye amene akufuna malo oyera owala asachedwetse.

Pa nsalu njira ndi yomweyo, koma ikhale ya thonje, bafuta kapena silika; poliyesitala sagwira mankhwala. Nsalu yatsopano ichapeni kaye kuti wowuma wa kufakitale achoke, ndipo itsukuluzeni kangapo kuti sopo asatsale. Imamwa mankhwala ochuluka kuposa pepala, imachedwa kuuma, ndipo imafuna kutsukidwa nthawi yaitali. Ikatha, ichapidwe pamanja m'madzi ozizira, popanda sopo waufa kapena jiki.

Poika m'felemu, katoni yoikira kumbuyo isakhale ya choko ija, ndipo chithunzi chisakhudze khoma lopaka laimu. Chikazilala chifukwa chokhala padzuwa nthawi yaitali, chichotseni m'felemu n'kuchiika m'dirowa momwe mpweya ukufika. Pakapita masiku angapo mumdima, buluu wambiri amabwerera.