Momwe mungasankhire guluu womatira cork pa clarinet ndi saxophone

Clarinet ikayamba kugwedera polumikizira, kapena chigawo chouzirapo cha saxophone chikamatsetsereka pakhosi mpaka mawu kusokonekera, kawirikawiri vuto limakhala cork, kakhungwa kofewa kamene kamatseka mpata kuti mpweya usathawe. Oimba a mu Zomba, kaya ndi a mabandi a yunifolomu, a m'matchalitchi kapena ophunzira nyimbo ku Chirunga, amakumana ndi vutoli pafupipafupi, ndipo popeza amisiri a zida zouzira ndi osowa, ambiri amathamangira supagulu wa pagolosale. Ntchitoyi munthu angathe kuigwira yekha pakhomo, koma guluu wolakwika amawononga chida chimene mtengo wake ndi wokwera kwambiri.

Choyamba muyenera kudziwa chimene mukumata. Cork amachokera ku khungwa la mtengo wina umene umamera kwambiri ku Portugal ndi ku Spain, ndipo khungwalo amalisenda kamodzi pa zaka 9. Ubwino wake ndi woti amafinyika n'kubwereranso, motero guluu woyenera ndi amene amakhalabe wofewa akauma, komanso amene angachotsedwe mosavuta tsiku limene cork adzathe, chifukwa kutha adzatha ndithu. Muyang'anenso thupi la chidacho. Clarinet zambiri za ophunzira ndi zapulasitiki wa mtundu wa ABS, zodula zimasemedwa ndi phingo, mtengo wakuda womwe uja umene osema ziboliboli kwathu kuno amaudziwa bwino, pamene khosi la saxophone ndi lachitsulo cha mkuwa chopakidwa vanishi.

Pa malo onse atatuwa, guluu wodalirika ndi wa nsapato, wachikasu uja wonunkha kwambiri amene m'mahadiweya amamutcha contact. Amagwira pa thabwa, pa pulasitiki ndi pa chitsulo, amalola cork kufinyika popanda kusweka, ndipo amapalika akakalamba. Mugule wa m'kachubu kakang'ono kosatsegula, chifukwa wa m'chitini amakhuthala msanga, makamaka ndi kutentha kwa mwezi wa Okutobala, ndipo guluu wokhuthala amasiya mabuluma pansi pa cork. Wopungulira m'kabotolo kwa osoka nsapato a pafupi ndi msika angathandize pokhapokha ngati akuyendabe ngati uchi.

Supagulu ndi nkhani ina. Akauma amalimba ngati galasi, amalowerera m'timabowo ta cork n'kumuumitsa, ndipo pomuchotsa nthawi zambiri amapita ndi nyama ya thabwa. Dontho limodzi lokha likagwera pa kachitsulo koyendetsa kiyi, batani lotsekula ndi kutseka bowo poimba, kiyiyo imaima. Amisiri ena amagwiritsa ntchito supagulu wokhuthala pa timacork tating'ono ta pansi pa makiyi, ndipo pamenepo pali chifukwa chomveka, koma polumikizira ndi pakhosi la saxophone musamuyandikizeko. Guluu woyera wa akalipentala sagwira pa chitsulo kapena pulasitiki, ndiponso amafewa ndi chinyezi cha mpweya wouzira. Epoxy, wosakaniza machubu awiri uja, amamata mpaka kalekale, chimene ndi cholakwika pa chinthu chofunika kusinthidwa. Shellac, utomoni wouma uja, komanso guluu wosungunula ndi moto, ntchito yawo yaikulu ndi kumata timapilo totseka mabowo. Amisiri akale ankamatira shellac ngakhale cork, koma pamafunika lawi ndi dzanja lozolowera, ndipo clarinet yapulasitiki siyanjana ndi moto.

Mukapeza guluu, konzani zina zonse musanatsegule chubu: cork wa pepala wokhuthala mamilimita 1.6, amene amakwanira pa malo olumikizira ambiri, lezala latsopano, rula yachitsulo, sandipepa wosakhakhala kwambiri, tepi yapepala, spiriti ndi kansalu koyera. Cork wabwino savuta kumuzindikira, chifukwa timabowo take ndi tochepa ndipo sathetheka mukamupinda pang'ono. Wa magasiketi a galimoto ndi zinyenyeswazi zophatikiza, ndipo angakupulumutseni kwa kanthawi koma amanyotsoka msanga. Chotsekera botolo la vinyo chimathandiza podula tizidutswa ta makiyi basi.

Yambani ndi kuchotsa cork wakale yense. Palani mosamala ndi kampeni kosathwa kwenikweni kuti musakande ngalande imene cork amakhalamo, kenaka pukutani ndi spiriti mpaka guluu wakale ndi girisi, mafuta opaka pa cork kuti aziterera, zitatheratu. Apa ndi pamene ntchito zambiri zimalepherera, chifukwa girisi wa zaka zambiri amalowerera m'ngalandemo, ndipo guluu aliyense, ngakhale wabwino chotani, sagwira pa mafuta. Ngati kansalu kakutulukabe kakuda, pukutaninso. Mankhwala ochotsera utoto wa m'zikhadabo ndi thina wosungunulira penti musawagwiritse ntchito pa clarinet yapulasitiki, popeza amasungunula ABS, ndipo pa saxophone angathe kuwononga vanishi.

Kenaka yezani kukula kwa ngalande ndi kudula cork motsatira rula, muutali mukusiyako sentimita imodzi yapadera. Kumapeto kumodzi mudule mopendeketsa ndi lezala kapena mukhule ndi sandipepa kuti kupyapyale, chifukwa mbali inayo idzagona pamwamba pake popanda kusiya mpata. Ndi bwinonso kufewetsa cork pomugudubuza ndi botolo patebulo, kuti asasweke pomupinda. Yesani kumukulunga wopanda guluu kuti muone ngati akulowa m'ngalande bwinobwino.

Tsopano pakani guluu mopyapyala mbali zonse ziwiri, m'ngalande ndi kunsi kwa cork, osaiwala pamwamba pa mbali yopendekera ija. Kamtengo ka machesi kapena kaburashi kakang'ono n'kokwanira. Mukatero dikirani. Guluu wa contact amagwira akauma, osati akadali wamadzi, ndipo nthawi yake imakhala mphindi 10 mpaka 15. Muyese ndi kumbuyo kwa chala, ndipo ngati sakutsatira chalacho ndiye kuti wakonzeka. Kuno kunsi kwa phiri la Zomba, nyengo ya mvula kuyambira Novembala mpaka Epulo, ngakhalenso masiku a chiperoni mu Juni ndi Julayi, chinyezi chimachedwetsa kuuma, choncho onjezerani mphindi zina ndipo musauzire ndi pakamwa, chifukwa mpweya wanu uli ndi chinyezi chomwecho. Fungo la guluuyu limapweteka mutu ndipo limagwira moto, motero gwirani ntchitoyi masana pakhonde, kutali ndi mbaula, osati usiku pa kandulo magetsi atathima.

Pokulunga, ikani kaye mbali yopendekera, ndipo zungulirani pang'onopang'ono mukukanikiza ndi chala chachikulu. Mwayi ndi umodzi wokha, chifukwa mbali ziwirizi zikangokhudzana sizisunthikanso, ndipo mukakhotetsa ndi bwino kudula cork wina kusiyana ndi kukakamiza. Mukafika poyambira paja, gonekani mbali yotsalayo pamwamba, kanikizani kwambiri kuzungulira ponse ndi chogwirira cha supuni, kenaka dulani chotsalira ndi lezala. Pa saxophone, msoko umayikidwa kunsi kwa khosi, ndipo ndi nzeru kuchotsa kaye kiyi ya pakhosipo kuti isapindike pogwira.

Kukhula ndi kumene kumafuna kudekha. Matani tepi yapepala m'mbali mwa cork kuti sandipepa asakande chida, dulani kamzere ka sandipepa, ndipo muzikoka uku ndi uku mukutembenuza chidacho kuti cork athe mofanana mbali zonse. Muziyesa kulumikiza pafupipafupi popanda kukakamiza. Cork wothina kwambiri angathe kung'alula malo olowetsamo, makamaka pa clarinet ya phingo, pamene wokhulidwa mopitirira sangabwezeretsedwe. Lekani pamene cork wouma akulowa pafupifupi theka, chifukwa girisi ndi kufinyika zidzamaliza kotsalako.

Ngati nthawi ilipo, chisiyeni chigone usiku umodzi musanapake girisi, kuti guluu akhwime. Gwiritsani ntchito girisi wopangidwira cork, pang'ono chabe. Mafuta odzola a m'botolo, ngakhale amaterera bwino, amalowerera mpaka pa guluu n'kumufewetsa, ndipo ndi chifukwa chake cork wina amangovuka wathunthu. Mukamaliza kuimba, masulani chida, pukutani chinyezi ndi kuchibwezera m'bokosi lake, chifukwa cork wosiyidwa wolumikizidwa masiku ambiri amaphwatalala.

Cork akavuka mwadzidzidzi pa tsiku la ukwati kapena la perete, kulungani ulusi wosokera kapena tepi yoyera ya mapaipi a madzi m'ngalandemo mpaka polumikizira pagwire, ndipo mudzakonza bwino mukabwerera kunyumba. Eni zitoliro za flute adziwe kuti cork wa m'kati mwa mutu wa chida chawo samatidwa ku khoma la chitolirocho, koma amangothina yekha pa mtunda wa mamilimita 17 kuchokera pakati pa bowo louzira, ndipo akayamba kugwedera amafunika kusinthidwa ndi watsopano.