Mwamaliza PhD? Umu ndi momwe mungapikisanire mphotho ya thesis yopambana

Mphotho zambiri za thesis ya PhD zili ndi lamulo limodzi lomwe anthu amalidziwa mochedwa: mwini thesis saloledwa kudzilembetsa yekha. Amene amatumiza dzina ndi supavaiza, mmodzi wa oyesa, kapena mkulu wa dipatimenti. Ndiye inu mukangokhala chete kudikira kuti akukumbukireni, iwo ali kalikiliki ndi ophunzira ena ndiponso mulu wa mayeso oti achonge, tsiku lotsekera limadutsa popanda amene walakwa. Ntchito yanu ndi kuwapeputsira zinthu anthu amenewa, mpaka chowatsalira chikhale kalata imodzi ndi siginecha.

Choyamba: digiri yanu yachokera kuti?

Kawirikawiri mphotho zimenezi siziyang'ana pasipoti. Zimayang'ana yunivesite yomwe yakupatsani digiri ndi nthambi ya maphunziro anu. Mmalawi kapena Mzambia amene wamaliza ku Edinburgh, ku Liverpool kapena ku SOAS ku London, kafukufuku wake ali wokhudza Africa, akhoza kupikisana pa Audrey Richards Prize. Imeneyi imaperekedwa ndi bungwe la African Studies Association of the UK kamodzi pa zaka ziwiri, kwa thesis yomwe yayesedwa ndi kuvomerezedwa pa yunivesite ya ku Britain. Dzinalo si lachilendo kwenikweni kuchigawo chathu chino. Audrey Richards ndi mayi amene anakhala pakati pa Abemba kumpoto kwa Zambia m'zaka za m'ma 1930, akufufuza za ulimi, zakudya ndi chinamwali cha atsikana.

Amene anaphunzira ku America kapena ku Canada afunse za CGS/ProQuest Distinguished Dissertation Award, ya bungwe la Council of Graduate Schools. Opambana amakhala awiri pachaka, aliyense $2,000, koma nthambi zimasinthana. Chaka china ndi masamu, sayansi ngati physics ndi chemistry, uinjiniya ndi maphunziro a zachikhalidwe cha anthu. Chaka chotsatira ndi sayansi ya zamoyo pamodzi ndi mbiri, zilankhulo ndi zaluso.

Kwa a zamakompyuta, yaikulu ndi ACM Doctoral Dissertation Award ya Association for Computing Machinery, yomwe wopambana amalandira $20,000. Ubwino wake ndi woti yunivesite ya dziko lililonse ikhoza kutumiza dzina, kuphatikizapo athu akuno, bola thesis ikhale m'Chingerezi. Palinso Springer Theses, ya kampani yosindikiza mabuku ya Springer, pomwe ulemu wake waukulu ndi kusindikizidwa ngati buku, ndipo ndi dipatimenti yomwe imasankha. Koma Africa Thesis Award ya ku Leiden, ku Netherlands, yomwe anthu amakonda kutumizirana pa WhatsApp, ndi ya a masters, musataye nayo nthawi.

Maganizo anga ndi oti musathamangire zikuluzikuluzi musanafufuze zapafupi. Pitani ku ofesi ya postgraduate, kaya ndi ku Zomba, ku Bunda, ku KUHeS, ku Lusaka kapena ku Pretoria, mukafunse ngati fakote kapena yunivesite ili ndi mphotho yakeyake. Fufuzaninso ku bungwe la akatswiri a nthambi yanu, lomwe mumapita kumisonkhano yake. Kumeneko opikisana amachepa, ndipo nthawi zambiri amene wapambana pakhomo ndi amene yunivesite imamutumiza kunja, poti mphotho ngati ya ACM ndi ya CGS zimalola dzina limodzi kapena awiri basi kuchokera pa sukulu imodzi.

Chachiwiri: lembani masiku, ndipo muwerenge bwino kuti akuwerengera tsiku liti

Apa ndi pomwe ambiri amagwera. PhD ili ndi masiku atatu osiyana: tsiku la viva (mayeso a pakamwa oteteza thesis pamaso pa oyesa), tsiku lomwe zokonza zanu zavomerezedwa, ndi tsiku lomwe digiri yaperekedwa. Pakati pa loyamba ndi lachitatu pakhoza kudutsa miyezi yambiri, mwinanso chaka chasintha. Mphotho ina imati "yoyesedwa m'zaka ziwiri zapitazi", ina imati "yovomerezedwa ndi dipatimenti m'miyezi 12 yapitayi". Ya ACM imatseka pa 31 October ndipo imatenga za chaka chimodzi chokha, kutanthauza kuti mukaphonya ulendo umodzi, basi kwatha. Ya Audrey Richards imayendera msonkhano waukulu wa bungwe lomwe limaipereka, womwe umachitika kamodzi pa zaka ziwiri, monga unachitikira mu 2022 ndi 2024.

Dziwaninso kuti tsiku lomwe lili pa webusaiti ndi la yunivesite, si lanu. Ngati sukulu iyenera kusankha munthu mmodzi, idzakhala ndi tsiku lake lamkati, masabata angapo lisanafike lija. Limenelo ndiye mulifunse. Nthawi yabwino yochita zonsezi ndi musanalowe viva, pomwe imelo ya sukulu ikadali yamoyo ndipo anthu a mu ofesi akukudziwani nkhope.

Chachitatu: pemphani

Ambiri a ife tinakula tikudziwa kuti munthu sadzitama pamaso pa akulu, ndiye kupita kwa Prof kukanena kuti "thesis yanga ndi yoyenera mphotho" kumamveka ngati mwano. Koma wamva m'mimba ndiye atsekula chitseko. Simukupempha kuti akukondereni. Mukuwakumbutsa za mpikisano, n'kuwasiyira mpata woti akane. Imelo yake ikhale yaifupi, yonga iyi:

"Prof, ndaona kuti mphotho yakutiyakuti yatsegulidwa ndipo itseka pa tsiku lakuti. Malinga ndi malamulo awo, omwe ndawaphatikiza pano, thesis yanga ikulowa m'nyengo yake, koma dzina liyenera kuchokera kwa inu. Kodi mukuona kuti ndi yoyenera kuitumiza? Ngati mukuvomera, ine ndikonza chidule, CV ndi malipoti a oyesa kuti inu mungolemba kalata."

Akakana, funsani chifukwa, poti yankho lawo likuthandizani pokonza mapepala a m'majenale. Ngati ubale wanu ndi supavaiza unasokonekera m'njira, zomwe zimachitika kuposa momwe anthu amanenera, werenganinso malamulo. Mphotho zina zimalola woyesa wakunja kutumiza dzina. Woyesa amene analemba mawu okoma mu lipoti lake ndi munthu woyamba kumuganizira.

Chachinayi: chidule, pomwe pagona nkhani yonse

Oweruza ndi aphunzitsi ngati anu omwe, ndipo ntchitoyi amaigwira mongodzipereka, usiku kapena Loweruka. Sangawerenge masamba 300 a munthu aliyense. Amayamba ndi chidule ndi makalata, n'kusankha ochepa oti awawerenge bwinobwino. Choncho musangokopera abstract ya mu thesis. Ija munalembera oyesa awiri amene amadziwa nthambi yanu mpaka kumizu. Iyi mukulembera munthu wophunzira kwambiri koma wa nthambi ina, mwina wa mbiri pomwe inu ndinu wa zachuma.

Tiyerekeze kuti munafufuza za amayi ogulitsa usipa ku Mangochi. Chidule chofooka chimayamba chonchi: "Thesis iyi ikufufuza zovuta zomwe amayi ogulitsa usipa amakumana nazo." Palibe cholakwika, koma woweruza sanaphunzire kanthu. Yerekezani ndi ichi: "Akatswiri akhala akunena kuti chomwe chimabweza amayi ogulitsa usipa m'mbuyo ndi kusowa mpamba. Thesis iyi ikusonyeza kuti ngakhale mpamba ulipo, amene amagamula phindu ndi mwini ukonde, kudzera mwa amene wamulola kugula koyamba bwato likangofika padoko." Apa woweruza wamva zomwe anthu ankakhulupirira, zomwe inu mwapeza, ndi pomwe ziwirizi zasemphana. Zimenezi zikhale m'ndime yoyamba, asachite kuzifufuza patsamba lachitatu.

Kenako nenani momwe munadziwira. Osati mndandanda wa njira za kafukufuku, koma zomwe munachitadi: munakhala nthawi yaitali bwanji kudera, munayankhula ndi ndani, munawerenga mafayilo ati ku National Archives ku Zomba, munayeza chiyani mu labu. Ngati mafunso munafunsa m'Chichewa, m'Chiyao kapena m'Chitumbuka popanda womasulira, lembani. Ambiri amazibisa ngati chinthu wamba, pomwe kwa oweruza ndi umboni woti munamva zomwe wina akanaziphonya.

Funso lovuta ndi lakuti: nanga wa ku Peru kapena ku Vietnam zikumukhudza bwanji? Ofufuza za kwathu timakonda kutsekera ndi mawu opita ku boma, oti unduna uchite chakuti. Amenewo ndi ofunika ku Lilongwe, koma mphotho ya thesis imafuna kudziwa chomwe mwasintha m'maganizo a akatswiri anzanu. Tchulani mfundo kapena njira yomwe ntchito yanu yaigwedeza, ndipo musakokomeze. Mawu ngati "koyamba m'mbiri" oweruza amawakayikira, makamaka ngati mmodzi wa iwo analembapo za nkhani yomweyo.

Mukamaliza, patsani mnzanu wa dipatimenti ina awerenge, kenako akuuzeni pakamwa zomwe munapeza. Akalephera, lembaninso. Malire a mawu kapena masamba muwatsate ndendende.

Chachisanu: makalata

Mphotho zambiri zimafuna kalata ya supavaiza ndi enanso a akatswiri ena. Kalata yothandiza si yonena kuti ndinu wakhama ndi waulemu. Ndi yonena kuti chaputala chakuti chathetsa funso lakuti, ndi kuti ntchitoyi ikuima pati poyerekeza ndi ena amene wolembayo anawayang'anira kapena kuwayesa. Kuti alembe zotere, apatseni zipangizo: chidule chija, malamulo a mphotho, malipoti a oyesa, ndi mndandanda wa mapepala omwe atuluka mu thesis. Sankhani amene anawerengadi ntchito yanu, ngakhale dzina lake si lalikulu. Apatseni mwezi wathunthu, ndipo kukatsala sabata akumbutseni mwaulemu.

Ngati munagwira ntchito m'gulu lalikulu, monga zimakhalira pa kafukufuku wa zaumoyo ku Blantyre pomwe pepala limodzi limakhala ndi mayina khumi ndi kuposa, pemphani supavaiza anene momveka gawo lomwe linali lanu. Popanda zimenezo oweruza sadziwa kuti akuyamikira ndani.

Chachisanu ndi chimodzi: thesis yeniyeniyo, ndi akamberembere

Tumizani PDF yomaliza yomwe yunivesite inavomereza, osati ina yomwe mwaikongoletsa pambuyo pake. Onani kuti zithunzi ndi matebulo zikuoneka, ndi kuti mayina a anthu amene munawalonjeza chinsinsi sakupezeka paliponse, ngakhale kumapeto kwenikweni. Ngati munaika thesis pa embargo (kuletsa kuti anthu asaione kwa kanthawi) podikira buku kapena patent (chikalata choteteza umwini wa chomwe mwatulukira), funsani okonza mphotho kuti ndani adzaiona. Ngati mphothoyo ikuphatikiza kusindikiza, fufuzani kaye kwa majenale omwe anatulutsa machaputala anu ngati akulola.

Thesis ikangoikidwa pa intaneti, mudzayamba kulandira maimelo okoma: "ntchito yanu yasankhidwa", "tikufuna kuisindikiza ngati buku kwaulere", "mwapambana, tumizani ndalama ya satifiketi". Mphotho yoona siyikupezani popanda wina wa ku sukulu yanu kudziwa, ndipo siyikulipiritsani kuti mulandire. Ena osindikiza mwachangu aja amatenga umwini wa ntchito yanu, kenako wosindikiza weniweni akaifuna mumapeza kuti manja anu ndi omangika. Musasayine kanthu musanaonetse supavaiza kapena a ku laibulale.

Mukatumiza

Pemphani wotumizayo akupatseni imelo yotsimikiza kuti zafika. Zotsatira zimatenga miyezi, ndiye perekani adiresi ya imelo yomwe idzakhale ikugwirabe ntchito mutabwerera kumudzi. Ngati munasankhidwa ndi dipatimenti kapena munafika pa ndandanda wa omaliza, lembani pa CV momwe zililimo, popanda kuonjezera, chifukwa zimawerengedwa mukamafunsira postdoc (ntchito ya kafukufuku ya amene angomaliza PhD) kapena ndalama za kafukufuku.

Mukapambana, musanayambe kuuza abale, funsani zinthu zitatu: ngati alipira ulendo ndi pogona, ngati akupatsani kalata yothandizira visa ndipo liti, ndi momwe ndalamazo zifikire ku akaunti ya kuno. Visa ya ku Britain kapena ku America kawirikawiri siyituluka sabata imodzi, ndipo mabungwe ena amayamba alipiritsa inuyo tikiti n'kudzakubwezerani pambuyo, zomwe ndi bwino kuzidziwa mwezi usanathe.