Mmene mungachitire mtsutso wa chisinthiko osasochera pa mawu oti "mtundu"

Mitsutso yambiri ya chisinthiko imathera m'malere chifukwa cha liwu limodzi: mtundu. Wina akati "mtundu" akunena mbalame zonse, mnzake akunena kagulu kamodzi ka mbalame zoberekana zokhazokha. Choncho musanatulutse umboni uliwonse, gwirizanani tanthauzo ndipo mulilembe poonekera.

Losavuta kugwiritsa ntchito ndi limene katswiri wa zamoyo Ernst Mayr anafalitsa mu 1942: mtundu ndi gulu la zamoyo zimene zimaberekana m'chilengedwe n'kubala ana amenenso amabereka. Hatchi ili ndi makromozomu (tinthu ta m'maselo tonyamula chibadwa chochokera kwa makolo) 64, bulu ali ndi 62, ndipo mwana wawo, nyulu, ali ndi 63 ndipo kawirikawiri sabereka. Ndiye hatchi ndi bulu ndi mitundu iwiri. Vomerani nokha kuti tanthauzoli silikwanira pa mabakiteriya, amene amachulukana pongodzigawa. Mukabisa zimenezi, mnzanu amene mukutsutsana naye adzazitulutsa.

Kenako mufunseni kuti, "Mungakhutire mutaona chiyani?" Yankho lakenso mulilembe.

Tsopano bweretsani chitsanzo chimodzi chimene mukuchidziwa mpaka kumizu, osati khumi zongotchula maina. Ife timakonda maluwa a Tragopogon chifukwa masamu ake aliyense atha kuwatsatira. Mitundu iwiri, Tragopogon dubius ndi Tragopogon pratensis, inafika ku North America kuchokera ku Ulaya, uliwonse uli ndi makromozomu 12. Ana amene imabala ikakumana amakhala osabereka. Koma mwa ena makromozomu anachuluka kawiri n'kukhala 24, ndipo amenewo ankabereka bwinobwino. Mu 1950 katswiri wa zomera Marion Ownbey anawafotokoza n'kuwatcha Tragopogon miscellus. Fotokozani pang'onopang'ono chifukwa chake uwu ndi mtundu watsopano: duwa lililonse limapatsa mwana theka la makromozomu ake, ndiye duwa la 24 likakumana ndi kholo lake la 12, ilo limapereka 12, kholo lake limapereka 6, mwana n'kukhala ndi 18, kutanthauza magulu atatu a 6. Magulu atatu sagawika pawiri mofanana popanga mungu ndi mbewu, choncho mwanayo sabereka bwino. Mpanda wamangika, ndipo izi zinachitika m'zaka zosakwana 100.

Apa mudzamva mawu akuti, "Koma likadali duwa!" Musapse mtima. Lozani tanthauzo munalemba lija. Onjezani kuti chisinthiko chimayembekezera zomwezo: nthambi yatsopano imaphuka pa yakale, siidumphira pa mtengo wina. Galu atabala mphaka, chiphunzitso cha chisinthiko chikhoza kugwa tsiku lomwelo.

Kwa nyama njira yodziwika kwambiri imene mtundu watsopano umayambira ndi yochedwa. Phiri, mtsinje kapena nyanja ikagawa gulu pawiri, mbali iliyonse imasintha payokha kwa mibadwo yambiri mpaka zikadzakumananso siziberekana. Nthawi zina zimafulumira. Gulu la ofufuza la Peter ndi Rosemary Grant linaona mbalame yaimuna yachilendo itafika pa chisumbu cha Daphne Major ku zisumbu za Galápagos, m'nyanja ya Pacific, mu 1981. Inabereka ndi yaikazi ya pomwepo, ndipo zidzukulu zake, pokhala ndi milomo ndi nyimbo zosiyana ndi zinzake, zinayamba kuberekana zokhazokha. Nenani moona kuti kaguluka n'kakang'ono, ndipo kakusonyeza chiyambi cha kupatukana basi.

Zimene zimagwetsa anthu ambiri n'zolakwa za mbali yawo yomwe. Musanene kuti munthu anachokera kwa chimpanzi. Nenani kuti awiriwa ali ndi kholo limodzi lakale, la zaka pafupifupi 6 kapena 7 miliyoni zapitazo. Musanene kuti nyama inasintha chifukwa inkafuna kutero: chimasintha ndi gulu, pamene zina zikubereka ana ambiri kuposa zinzake. Kafukufuku wa Richard Lenski, amene anayamba mu 1988 ndi magulu 12 a mabakiteriya a E. coli, amasonyeza bwino kubadwa kwa khalidwe latsopano, koma musamugwiritse ntchito pa tanthauzo la Mayr, popeza mwavomera kale kuti silikwanira pamenepo.

Nkhani ikatembenukira ku mmene moyo unayambira, nenani kuti limenelo ndi funso lina, ndipo Charles Darwin mu 1859 ankafotokoza za kusintha kwa zamoyo zimene zinalipo kale. Ikatembenukira ku chikhulupiriro cha munthu, musachinyoze. Alipo okhulupirira Mulungu ambiri amene amavomereza chisinthiko, ndipo munthu wonyozedwa samvanso za makromozomu. Mnzanuyo akaponya mafunso asanu nthawi imodzi, mupempheni asankhe limodzi limene akuliona kuti ndi lamphamvu, ndipo muyankhe lomwelo mpaka lithe.